Fodya wa m'Mapaipi a Kachipinda

1. Galimoto yokhala ndi bedi

Ku Furancungo kunalibe munthu wosakadziwa Kachipinda. Imeneyi inali galimoto yadizilo, yaitali ngati kabasi, yokhala ndi nyumba mkati mwake: bedi, kabati, kasinki ndi mazenera a makatani. Mzungu wina woyendera minda ya fodya ndiye anabwera nayo kalekale, ndipo ankagona momwemo. Atatopa nayo anaigulitsa kwa kalabu ya alimi a ku Chidzolomondo.

Alimiwo sanatengeke ndi makatani. Chimene anagula ndi bedi. Kwawoko midzi ndi yotalikirana, ndipo munthu amene matenda amukulira sangakhale pa njinga yamoto. Kachipinda ndi kamene kankanyamula odwala ndi amayi oyembekezera, atagona bwinobwino, mpaka kuchipatala.

Koma sabata imeneyo, pakati pa mwezi wozizira wa Julaye, Kachipinda nako kanali kakudwala. Kanali pa ofisina, galaja ya makaniko wamkulu, a Mesitiri Felisberto, kuseri kwa msika, boneti ili yasa. Radiyadolo yake, thanki ya timapaipi ting'onoting'ono imene imaziziritsa madzi a mu injini, inali itaola. Anzathu a ku Malawi amati rediyeta.

Pa ofisinapo panali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, dzina lake Alda. Kwawo kunali ku Chidzolomondo komweko, ndipo ichi chinali chaka chake chachiwiri akuphunzira umakaniko. Manja anali nawo, mutu anali nawo. Chimene chinamuvuta ndi phuma. Alda ankamwa tiyi ataimirira. Kutchalitchi, ameni wake ankafika anzake akadali pakati pa pemphero.

Sabata imeneyo phuma lakelo linali ndi chifukwa. Mkulu wake, Josefina, anali woyembekezera, masiku atakwana. Mwana wake woyamba anabadwira kunyumba ndipo sanalire. Ulendo uno anamwino anali atanena mosabisa kuti mwana sanagone bwino m'mimba, ndipo Josefina asayerekeze kuchirira kumudzi. Mwamuna wake anali kumsika wa fodya kudikira mabelo ake. Choncho chiyembekezo chonse chinali pa Kachipinda, kamene kanali gone pa ofisina kopanda radiyadolo.

2. Chenjezo la a Mesitiri

Lachitatu masana anachotsa radiyadolo yakale. Atamasula paipi ya pansi, simunatuluke madzi. Munatuluka phala lakuda, lonanda, lonunkha ngati chigafa cha fodya.

A Mesitiri anatapa phalalo ndi chala, nkulinunkhiza, nkuyang'ana a Fumbani, dalaivala wa kalabu. A Fumbani anayamba kukanda m'mutu. Kenako anavomera kuti radiyadolo ikayamba kudontha panjira, iwo ankathiramo fodya wopera, tsiku lina ufa wodzaza dzanja. Anati si iwo okha. Madalaivala onse a kumidzi ya fodya amatero, ndipo pobooka pamatsekekadi. Anali atachita zimenezi zaka zinayi, ndipo anazinena monyadira ndithu, ngati munthu amene wapulumutsa kalabu.

A Mesitiri anali ndi ulendo wa kumaliro a mlamu wawo ku Ntengo-Wambalame, m'boma la Tsangano, ndipo shapa, kabasi konyamula anthu, inali pafupi kunyamuka. Anasamba m'manja, nkuitana Alda.

"Khala pansi. Ndati ukhale, osati kunjuta ngati ukufuna kuthawa," anatero. "Radiyadolo yatsopano ifika mawa m'mawa pa shapa ya ku Tete. Kuimanga ukudziwa, pamenepo sindikukayika. Koma usanaimange, utsuke. Galimoto iyi si ngati zinzake. Madzi ake sathera mu injini mokha. Pali mapaipi awiri amene amadutsa kunsi mpaka kumbuyo, kukafunditsa chipinda cha wodwala. Amathera pansi pa bedi, pamene pali kampopi kotsegulira. Phala waliona apali ndi theka chabe. Lina lagona m'mapaipi amenewo."

Alda anagwedeza mutu, phazi likugunda pansi.

"Uchotse bedi, umasule mapaipi, uthire madzi mpaka atuluke oyera oti ungachapire malaya a ku tchalitchi. Ukatero utsuke injini chimodzimodzi. Ndowa khumi, khumi ndi ziwiri, usawerenge. Timapaipi ta radiyadolo yatsopano ndi topyapyala ngati udzu wa tsache. Phala likalowamo titsekeka tonse, madzi aima, injini ipsa. Ndipo sidzapsera pano, pamene pali zida ndi mthunzi. Idzapsera pa chitunda, mkati muli munthu. Ndi ntchito ya maola awiri okha, mwana wanga. Palibe adzakuone ukutsuka, palibenso adzakuyamike. Koma utsuke."

Atatero anapinda mkono wa malaya. Kuchokera pa chigongono mpaka pa dzanja panali chipsera chosalala.

"Chinanso ndi ichi. Injini ikatentha, chitsekerero cha radiyadolo usachikhudze mpaka chizizire. Ine ndinatsegula ndili ndi zaka ngati zakozi, ndipo khungu linasendeka ngati la mbatata yophika. Madzi ozizira mu injini yotentha usathire, ing'aluka. Wamva?"

Alda anati wamva. Ndipo anamvadi, mawu onse analowa. Kungoti anapeza m'mutumo muli kale Josefina.

3. Ndowa ziwiri

Radiyadolo inafika Lachinayi cha m'ma 7 koloko, itakulungidwa m'makatoni. Alda asanamalize kung'amba makatoniwo, foni inalira. Anali amayi ake, akuimba ali pa chulu cha kuseri kwa mudzi, pamene pamagwira netiweki.

Anati msana wa Josefina wayamba m'bandakucha. Anati sizinafike poopsa, koma galimoto ibwere lero lomwe. Mawu oti sizinafike poopsa anawabwereza kawiri. Alda anangomva oti msana.

Anatenga ndowa ziwiri nkuthamangira ku mjigo. Kumeneko anapeza ndowa zitandandalika mpaka pa mseu, ndipo mayi wina anali kutsuka migolo itatu mosafulumira, uku akufotokoza za mtengo wa nyemba. Theka la ola linatha kuti Alda atunge ndowa ziwiri zokhazo. Pobwerera anataya madzi ambiri m'njira chifukwa chothamanga.

Madziwo anawathira mu injini. Anatuluka akuda, kenako ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Alda anawayang'ana, nkuti ayera.

Atatero analowa m'chipinda muja kukachotsa bedi. Linali lomangidwa ndi mabawuti anayi, onse adzimbiri. Loyamba lokha linamudyera mphindi khumi ndi khungu la pa chala. Apo nkuti a Fumbani akuzungulira galimoto ngati nkhuku yofuna kuikira, akufunsa ngati anyamuke dzuwa lisanakwere.

Alda anasuzumira kunsi kwa bedi. Anakaona kampopi kaja, kali kotseka. Pamenepo nzeru inamubwerera, ya mtundu uja umabwera msanga munthu akafuna kudumpha ntchito. Ngati kampopi ndi kotseka, madzi a kumbuyo sayenda. Ngati sayenda, phala likhala pomwepo. Adzatsuka mawa, Josefina ali kale m'manja mwa anamwino.

Anabwezera bawuti lija, nkutuluka.

Kumanga radiyadolo anakuchita mwaluso, zoona zinenedwe. Mapaipi anawalowetsa bwino, zomangira anazilimbitsa, madzi anadzaza, mpweya anautulutsa. Injini italira, panalibe dontho ngakhale limodzi. A Fumbani anaomba m'manja nkunena kuti mwana uyu waposa mwini ofisina.

Akutsitsa boneti, foni inaliranso. Anali a Mesitiri, kumbuyo kwawo kukumveka nyimbo za maliro.

"Watsuka?"

"Ndatsuka, a Mesitiri."

"Ndi kumbuyo komwe, pansi pa bedi?"

Alda anayang'ana ndowa ziwiri zija zili pambali pa khoma. "Konse," anatero.

"Muito bem, wachita bwino. Ndimadziwa kuti sungandichititse manyazi. Yendani bwino."

Mawu amenewo anamuwawa kuposa bawuti lija. Koma galimoto inali italira kale, ndipo 9 koloko inawapeza atatuluka m'tauni.

4. Kampopi

Popita zonse zinayenda bwino. Kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini kanaima pakati, osasuntha. Alda ankakayang'ana kosalekeza, ndipo pa mtunda uliwonse umene anakwera mtima wake unkatsika pang'ono. Atadutsa minda ya chimanga chokololedwa ndi zigafa zopanda kanthu, anayamba kudziona ngati wochenjera. Anali atapulumutsa maola awiri athunthu.

Ku Chidzolomondo anapeza mphepo ikuomba yolowa m'mafupa. Josefina anatuluka m'nyumba atagwiriridwa ndi amayi, atafunda zitenje zitatu ndi bulangete, mano akugundana. Ataona mng'ono wake atavala ovololo yamafuta, anayesa kumwetulira.

"Ndinawauza amayi kuti Alda sachedwa," anatero.

Anamugoneka pa bedi. Amayi analowetsa beseni, chikwama cha nsalu ndi fulasiki ya phala. Ndiyeno a Fumbani anachita zimene ankachita nthawi zonse akanyamula wodwala m'nyengo yozizira. Anagwada, nkupisa dzanja kunsi kwa bedi, kuti atsegule kampopi chipinda chifunde.

Alda anali ataima pa khomo, ndipo anaona zonse. Pakamwa panatseguka. Akanangonena kuti amalume, musatsegule, zikanathera pomwepo. Koma a Fumbani akanafunsa chifukwa. Iwo anali pambali pake m'mawa uja pamene ankauza a Mesitiri kuti watsuka konse. Amayi anali pomwepo. Josefina anali atangomutamanda kumene, ndiponso anali kunjenjemera ndi kuzizira.

Manyazi anamutseka pakamwa. Kampopi kanalira kuti kwee, ndipo Alda anakakhala kutsogolo.

5. Pa chitunda

Ananyamuka cha m'ma 11 koloko. Poyamba kamuvi kanali malo ake. Kumbuyo amayi ananena kuti chipinda chayamba kufunda, ndipo anathokoza.

Patapita theka la ola, kamuvi kanasuntha pang'ono. Alda anatikita galasi ndi chala ngati vuto ndi fumbi. Kanasunthanso. A Fumbani anali kuimba nyimbo ya kwaya, maso ali pa maenje a mu mseu. Alda anafuna kulankhula, koma anadziuza kuti akatsika chitunda chili kutsogoloko, mphepo iziziritsa.

Chitundacho sanachimalize. Ali pakati, kamuvi kanalowa pofiira, injini inayamba kugogoda, ndipo nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti.

"Imani, amalume! Zimitsani!"

A Fumbani anaima nkuzimitsa. Anatsika akudandaula kuti zinthu zatsopano za masiku ano ndi zachabechabe. Anatsegula boneti, anakulunga dzanja ndi chipewa, nkulozetsa pa chitsekerero. M'dzanja linalo anali atatulutsa kale kabotolo ka fodya wopera, ndipo anauza Alda kuti abweretse chigubu cha madzi akumwa.

Alda anawagwira mkono ndi manja awiri. Sanagwirepo munthu wamkulu choncho chibadwire.

"Musatsegule, mupsa. Madzi musathire, injini ing'aluka. Ndipo fodyayo bwezani m'thumba, chifukwa palibe pabooka."

A Fumbani anafunsa kuti ngati palibe pabooka, chavuta n'chiyani. Amayi nawo anali atatsika, ataima pafupi, manja ali m'chiuno.

"Radiyadolo yatsekeka ndi phala la m'mapaipi a kumbuyo," anatero Alda. "Sindinatsuke. Ndinawanamiza a Mesitiri. Mmene mumatsegula kampopi paja ndimadziwa, koma ndinakhala chete."

A Fumbani anabweza kabotolo m'thumba pang'onopang'ono. Phala linali lawo, ndipo anadziwa.

Amayi sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa.

"Alda," anatero, "ine ndinakuuza pa foni kawiri kuti sizinafike poopsa. Ndinabwereza dala, chifukwa ndimakudziwa, ndinakubereka ndine. Kuti unathamanga chifukwa chokonda mkulu wako, ndikumva. Kuti unanama kwa mphunzitsi wako, zimenezo mukakambirana awiri. Koma unaima pa khomo paja, maso ali gwa, ukuona mkulu wako akugona pa bedi limene ukudziwa kuti pansi pake pali vuto. Unasankha kusunga ulemu wako. Tikanamufunditsa mabulangete, mwana wanga. Kuzizira sikukanamupha. Anthu a kumudzi akakwera galimoto iyi safunsa kuti mkati mwa mapaipi muli chiyani, chifukwa sadziwa. Amakhulupirira amene wagwira sipanala. Ukawanamiza, alibe poonera."

M'galimoto Josefina anabuula, kubuula kwautali kosiyana ndi kwa m'mawa kuja. Amayi anatembenuka nkulowa, osadikira yankho.

6. Makeni a m'dimba

Alda anayesa foni, koma pamalopo panalibe netiweki. Mu mseu simunkadutsa kanthu koma njinga zakapalasa ndi njinga yamoto imodzi yonyamula matumba a makala. Mwini wake anaima, anasuzumira mkati, nkupukusa mutu. Munthu wa mmene analiri Josefina sakanakhala pa njinga.

Chinthu choyamba chinali kudikira kuti injini izizire, ndipo kwa Alda chimenecho chinali chilango chokwanira. Anazungulira galimoto. Anakhudza boneti, nkuzunguliranso. Dzuwa linkaoneka ngati likuthamanga, chitsulo chokha ndi chimene sichinkafulumira.

Kumunsi kwa chitundacho kunali dimba, ndipo anthu anali kuthirira kabichi ndi anyezi. Alda anatsetsereka, nkukagwada pamaso pa bambo wina wachikulire. Anafotokoza kuti m'galimoto muli mayi wodwala pakati, ndipo akufuna madzi ambiri, oyera. Bamboyo sanafunse zambiri. Anaitana akazi ake ndi anthu a m'madimba oyandikana, ndipo posakhalitsa makeni othirira anayamba kukwera chitunda motsatizana.

Chitsulo chitazizira, Alda anamasula radiyadolo imene anaimanga monyadira m'mawa uja. Anaigoneka pa udzu chadodolido, nkuyamba kuthira madzi kuchokera kunsi kuti phala libwerere kumene linalowera. Poyamba madzi anakana kulowa. Anaigwedeza, anaimenya pang'ono ndi chikhatho, nkuthiranso. Kenako inasanza: fodya, ufa, dzimbiri, zonse za zaka zinayi.

A Fumbani anagwira keni. Ataona mulu wa phala uli pa udzu, anangoti, "Zonsezi ndinathira ndine?"

Keni ya khumi inadutsa, madzi akadali ofiirira. Ya khumi ndi zisanu, chimodzimodzi. M'galimoto kubuula kunkabwera pafupipafupi tsopano, ndipo kubuula kulikonse manja a Alda ankafuna kunyamula radiyadolo nkukaimanga momwemo. Anapirira. Anathira mpaka madzi anatuluka oyera.

Bedi sakanalichotsa, poti Josefina anali pomwepo. Choncho anakwawira kunsi kwa galimoto, nkumasula mapaipi awiri opita kumbuyo aja pamene amachokera ku injini. Anadula kachidutswa ka paipi yakale, nkulumikiza mbali ziwirizo kuti madzi azizungulira kutsogolo kokha. Phala lotsala linamudonthera kumaso ndi m'tsitsi. Sanalipukute.

Pomaliza anafuna kutsukanso injini yeniyeniyo, poti phala lina linali litalowa mmenemo. Koma bambo wa dimba uja anamuonetsa keni yomaliza. Madzi ake anali matope okhaokha. Chitsime chinali chitaphwa, ndipo anati chidzadzanso mawa m'mawa. Madzi oyera otsala anangokwanira kudzaza radiyadolo.

Pamene injini inkaliranso, nthawi inali itadutsa 3 koloko. Alda anapulumutsa maola awiri m'mawa, ndipo pa chitunda chimenecho anataya anayi.

7. Funso la anamwino

A Fumbani anayendetsa pang'onopang'ono monga anawauzira Alda. Kamuvi kanakhala kupitirira pakati pang'ono, ndipo pa mtunda uliwonse kankanjenjemera kulowera kofiira. Kawiri konse anaima kuti injini ipume. Alda anakhala kumbuyo tsopano, atagwada pambali pa bedi. M'chipindamo munali mutazizira. Josefina anali atamugwira dzanja mwamphamvu, ndipo za phala sananene kanthu. Mwina sanamve, mwina anamva.

Anafika pa chipatala cha ku Furancungo dzuwa litapendeka. Anamwino awiri anatuluka ndi machira, nkumulowetsa Josefina, amayi akutsatira. Alda anatsala panja ndi a Fumbani, ovololo itanyowa, akunjenjemera.

Sipanapite nthawi yaitali, namwino wamkulu anatuluka akuvula magolovesi. Amayi anali kumbuyo kwake, nkhope itagwa.

Namwinoyo anafotokoza mwachidule. Mwana anali moyo, mtima wake unkamveka, koma anali atapingasa ndipo anayamba kutopa. Pamafunika opaleshoni, ku chipatala chachikulu ku Tete.

"Ambulansi yanyamuka quinze horas, 3 koloko, ndi wodwala wina," anatero. "Malo analipo. Mukanafika nthawi imeneyo isanakwane, bwenzi pano ali kutali. Kubwerera kwake ndi mawa."

Alda anawerenga maola m'mutu, ngakhale sankafuna. Akanatsuka m'mawa uja, akananyamuka pa ofisina 11 koloko. Akanafika pano 3 koloko isanakwane, ambulansi ikadali pa khomo. Anatsamira galimoto.

Namwino anayang'ana Kachipinda, kuchokera ku boneti mpaka ku makatani. Anati bedi lilipo, ndipo iye atha kukwera nawo ndi zida zake.

"Koma ndiuzeni zoona. Galimoto iyi ifika ku Tete? Njira ndi yaitali, ndipo kumunsi kuja n'kotentha. Ikakafera pakati, kumeneko ndilibe chochita. Bola pano pali magetsi ndi mankhwala."

A Fumbani, amene anayendetsa galimotoyo zaka zinayi, anayang'ana Alda. Amayi nawo anayang'ana Alda.

Mawu oti ifika anali pa nsonga ya lilime. Anali afupi, ndipo aliyense pamenepo ankafuna kuwamva. Akanangowanena, mphindi zisanu zikanawapeza ali pa mseu.

"Mmene ililimu sifika," anatero Alda. "Mu injini mukadali phala. Pa mitunda ya kuno yatsala pang'ono kupsa kawiri. Ndipatseni mpopi wa madzi ndi ola limodzi. Ndikatsuka, ifika."

Namwino anayang'ana wotchi yake, kenako khomo la chipinda chimene munali Josefina.

"Mpopi uli kuseriko," anatero. "Ola limodzi litengeni, poti palibe njira ina. Koma ngati mwanayo adikire ola limeneli, ine sindikulonjezani."

A Fumbani ananyamula ndowa nkuthamanga, chipewa chikugwa. Alda anatsegula boneti. Chitsulo chinali chikadali chotentha, ndipo anayenera kudikiranso, sipanala ili m'manja.

Ali chiimire choncho, zenera la chipinda chija linali lotsegula, ndipo mawu a Josefina anatuluka, otopa koma omveka bwino.

"Amayi, mufunseni Alda. Tinyamuka nthawi yanji?"